Ki-67 ya achemwali yachoka pa 18 kufika pa 32: kodi khansa yakula ukali?

Nachisale analemba:

Ndikulemba m'malo mwa achemwali anga, omwe ali ndi zaka 46 ndipo sanasiye kusamba. Anawapeza ndi khansa ya m'mawere atapita kuchipatala ndi kachotupa kolimba kubere lakumanzere, kamene sikankapweteka. Madokotala anayamba atenga kanyama ndi singano n'kukatumiza ku labu, ndipo pepala la zotsatira linanena kuti chotupacho ndi cha grade 2, ER positive (kutanthauza kuti chimakula mothandizidwa ndi homoni ya amayi yotchedwa estrogen), HER2 negative (kutanthauza kuti chilibe puloteni yochuluka ya HER2, imene imafulumizitsa kukula kwa khansa), ndipo Ki-67 ndi 18%. Patapita milungu ingapo anawachita opaleshoni yochotsa bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa, ndipo zimene anachotsazo anazitumizanso kukayezedwa. Pepala lachiwirili likuti chotupacho chinali cha masentimita 2.6, anabere 2 mwa 12 amene anachotsedwa anapezeka ndi khansa, grade ikadali 2, ER ndi HER2 sizinasinthe, koma Ki-67 tsopano yalembedwa kuti ndi 32%.

Nambala imeneyi ndi imene yasowetsa mtendere banja lonse. Ena pakhomo akuiwerenga ngati ikutanthauza kuti mwa anthu 100 odwala matenda otere, 32 amamwalira. Achemwali eni ake akuganiza kuti khansayo inalusa chifukwa choibaya ndi singano, potengera zimene anthu amanena kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imafalikira. Dokotala anatiuza kuti akufunika chemotherapy, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, kenaka mapiritsi a tamoxifen, otchinga mphamvu ya estrogen, kwa zaka zingapo, koma pamzere panali anthu ambiri ndipo sitinathe kufunsa zonse zimene zinali kumtima kwathu.

Achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg akuti kumeneko kuli njira yotumizira kanyamako kukayezedwa ma gene (malangizo a m'kati mwa selo amene amalamulira mmene limagwirira ntchito), kuyeza kumene amakutcha Oncotype DX, ndipo ali okonzeka kukongola ndalama ngati zotsatira zake zingachititse kuti achemwali asalandire chemotherapy, imene akuiopa kwambiri. Ndikupempha inu amene mumadziwa bwino za nkhaniyi kuti mutifotokozere chimene Ki-67 imayeza kwenikweni, chifukwa chimene mapepala awiri a chotupa chimodzi asiyanira chonchi, ndiponso ngati kuli koyenera kuti banja lilowe m'ngongole chifukwa cha kuyeza kwinako.

Wa ku Labu anayankha:

Mayi Nachisale, pepani ndi matendawa. Ine ndimagwira ntchito yokonza ndi kupaka mankhwala tinyama totere tisanakafike pamaso pa dokotala wa maikulosikopu, choncho ndiyankha mbali ya nambalayo, ndipo za chithandizo ndisiyira anzanga amene amaonana ndi odwala.

Ki-67 ndi puloteni imene imapezeka mu nyukiliyasi, kachigawo ka pakati pa selo, pamene selolo lili pa ulendo wogawikana kuti likhale maselo awiri. Selo limene langokhala, losakonzekera kugawikana, silionetsa puloteniyi. Anaitulukira mu 1983 Johannes Gerdes ndi anzake ku Kiel m'dziko la Germany, ndipo poyamba inkaoneka pa tinyama tozizitsidwa mpaka kuuma gwa basi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera mankhwala otchedwa MIB-1, amene amagwira ntchito pa kanyama kosungidwa mu formalin (mankhwala amadzi oletsa kuwola) ndi kuumitsidwa m'phula, ndipo kuyambira pamenepo kuyezaku kunafika m'malabu wamba.

Mmene zimachitikira ndi motere. Kanyama kakachoka m'thupi timakaviika mu formalin, kenaka timakaumitsa m'kachibuma ka phula, n'kuchekapo timagawo topyapyala kwambiri moti kuwala kumadutsa. Kagawo kamodzi timakaika pagalasi n'kukathira mankhwala amene amamatirira pa Ki-67 yokha. Pa maikulosikopu, nyukiliyasi iliyonse imene ili ndi puloteniyi imaoneka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pamene zina zonse zimakhala zabuluu. Dokotala amawerenga maselo a khansa okhaokha, osachepera 500 malinga ndi malangizo amene akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anatulutsa mu 2011, n'kuona kuti ofiirira ndi angati. Choncho 32% ikutanthauza kuti pa malo amene anawerengawo, maselo 32 mwa 100 alionse anali pa ulendo wogawikana. Nambalayi ikunena za maselo, sikunena za anthu, ndipo ilibe mgwirizano uliwonse wachindunji ndi chiwerengero cha amene amamwalira. Chonde afotokozereni a pakhomo mfundo imeneyi mwamsanga.

Tsopano pa kusiyana kwa 18 ndi 32. Chotupa sichikhala chofanana paliponse. M'mphepete mwake, kumene chikulowerera m'minofu yabwino, nthawi zambiri mumakhala maselo ambiri ogawikana, pamene pakati pake pamakhala zipsera ndi maselo ochepa. Munthu akayeza zokolola za munda wonse poyang'ana chimanga cha pachulu chokha adzanena zambiri, ndipo akayang'ana cha pamchenga chokha adzanena zochepa, chikhalirecho munda ndi womwewo. Singano imatenga kanyama kowonda kuchokera pamalo amodzi kapena angapo, pomwe pambuyo pa opaleshoni dokotala amakhala ndi chotupa chonse ndipo amatha kuona malo amene maselo ofiirira achulukana. Kuwonjezera apo, madokotala ena amawerenga pamalo ochulukanawo pokha, ena amawerenga malo angapo osiyana n'kupeza nambala ya pakati, ndipo ena amangoyang'ana n'kuyerekeza ndi maso popanda kuwerenga selo limodzilimodzi. Kafukufuku amene anatumiza magalasi omwewo ku malabu odziwika bwino a m'mayiko osiyana anapeza kuti manambala ankasiyana kwambiri kuchokera labu ina kupita ina, ngakhale kuti dokotala aliyense payekha akabwereza kuwerenga ankapeza zofanana ndi zimene anapeza poyamba.

Palinso nkhani ya kasungidwe, imene kwathu kuno ndimaiona kuti ndi yaikulu. Malangizo a kuyeza ER ndi HER2 amati kanyama kalowe mu formalin pasanathe ola limodzi kuchokera pamene kachotsedwa, ndipo kakhalemo pakati pa maola 6 ndi 72. Bere lathunthu likaponyedwa m'chidebe popanda kulicheka, formalin amalowa pang'onopang'ono ndipo pakati pamayamba kuwonongeka mankhwalawo asanafike. Zikatere nambala ya Ki-67 kawirikawiri imatsika, sikwera, ndipo ngakhale ER ikhoza kuoneka ngati palibe pamene ilipo. Popeza kwa achemwali anu nambala yakwera pa kanyama ka opaleshoni, ine ndikuona kuti chifukwa chachikulu ndi malo amene anawerenga, osati kusintha kwa khansayo. Kubaya ndi singano sikusandutsa chotupa kukhala cha mtundu wina, ndipo popanda kubayako sipakanadziwika kuti ndi khansa yotani.

Chifukwa cha kusadalirika kumeneku, akatswiri akhala akusuntha malire a chimene amachitcha Ki-67 yokwera. Msonkhano wa akatswiri a khansa ya m'mawere wa ku St Gallen, m'dziko la Switzerland, wa 2011 unatenga 14% ngati malire, mu 2013 ambiri anakonda 20%, ndipo mu 2021 gulu lija la akatswiri a Ki-67 linanena kuti pa khansa ya ER positive, HER2 negative imene sinapite patali, nambala imakhulupirika ikakhala 5% kapena kutsika, kapenanso 30% kapena kukwera. Zapakati pa 5 ndi 30 anati zisagwiritsidwe ntchito pazokha posankha chithandizo. Choncho 18 ili m'chigawo chosatsimikizika, ndipo 32 yangodutsa pang'ono malire a kumtunda.

Dokotala wa Zotupa anayankha:

Mayi, a ku labu afotokoza bwino za kawerengedwe. Ine ndionjezera za tanthauzo lake pa tsogolo la wodwala, ndikudziwa kuti chigamulo chenicheni chili m'manja mwa madokotala amene akuwaona achemwali anu ndi mapepala awo onse.

Tikafuna kuyerekeza mmene khansa ya m'mawere idzayendere, timayamba ndi mafunso amene anakhalapo Ki-67 isanabwere: chotupa n'chachikulu bwanji, chafika kwa anabere angati, ndipo kodi chafalikira ku mafupa, chiwindi kapena mapapo. Pambuyo pake timaona grade, ndipo apa pali mfundo imene ambiri saidziwa, yakuti grade ili kale ndi muyeso wa liwiro la kugawikana mkati mwake. Njira ya ku Nottingham, imene Elston ndi Ellis anaifalitsa mu 1991 pokonzanso ya Bloom ndi Richardson ya 1957, imapereka mapointi 1 mpaka 3 pa zinthu zitatu: mmene maselo akupangira timachubu tofanana ndi ta bere labwino, mmene ma nyukiliyasi asiyanirana maonekedwe, ndi chiwerengero cha maselo amene agwidwa ali pakati pogawikana. Mapointi 3 mpaka 5 ndi grade 1, mapointi 6 kapena 7 ndi grade 2, ndipo 8 kapena 9 ndi grade 3. Grade 2 ndi gulu lalikulu losakanikira, momwe muli zotupa zofatsa ndi zina zothamanga, ndipo m'gulu limeneli ndi momwe Ki-67 imatithandiza kuona mbali imene chotupa chapendekera.

Ku Nottingham komweko anapanganso kawerengedwe koyerekeza tsogolo la wodwala, kophatikiza kukula kwa chotupa, grade ndi anabere. Kukula kwa chotupa m'masentimita kumachulukitsidwa ndi 0.2, kenaka n'kuphatikizapo grade, n'kuphatikizaponso mapointi a anabere, amene ndi 1 ngati palibe wokhudzidwa, 2 ngati okhudzidwa ndi 1 mpaka 3, ndi 3 ngati aposa pamenepo. Kwa achemwali anu ndi 0.52 kuphatikiza 2 kuphatikiza 2, zimene zikupereka 4.52, ndipo izi zili m'gulu lapakati, limene limayambira pamwamba pa 3.4 kulekeza pa 5.4. Onani kuti Ki-67 sinalowemo n'komwe. Ngakhale chida cha pa intaneti chotchedwa Predict, chimene chinapangidwa ku Cambridge ndipo madokotala ambiri amachigwiritsa ntchito, chimangofunsa ngati Ki-67 yaposa 10% kapena ayi, moti 18 ndi 32 zimalowa pakhomo limodzi.

Sindikunena kuti liwiro la kugawikana lilibe kanthu. Pa zotupa za ER positive, zimene zili ndi Ki-67 yokwera zimabwerera kawirikawiri kuposa za Ki-67 yotsika, makamaka m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo n'chifukwa chake timazitcha luminal B posiyanitsa ndi luminal A zofatsa. Koma mbali ina ya nkhaniyi ndi yolimbikitsa. Mankhwala ambiri a chemotherapy amapha selo pamene likukopera DNA yake kapena pamene likugawikana, n'chifukwa chake amathothola tsitsi ndi kutsitsa maselo oyera a magazi, amenenso amagawikana mofulumira. Chotupa chothamanga chimakhala ndi maselo ambiri pa nthawi imene mankhwalawo amawapeza osatetezeka. Akatswiri a ku Oxford ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2012 anapeza kuti chemotherapy ya masiku ano, yokhala ndi mankhwala a gulu la anthracycline ndi taxane, imachepetsa imfa za khansa ya m'mawere ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo tamoxifen womwedwa zaka zisanu amachepetsanso imfazo pa mlingo wofanana nawo kwa amayi a ER positive.

Pa funso la ngongole, maganizo anga ndi akuti achimwene anu asakongole. Oncotype DX imayeza ma gene 21, ndipo asanu mwa iwo, kuphatikizapo gene ya Ki-67 yomweyi, ndi oyeza liwiro la kugawikana, ndiponso ndi amene amakoka kwambiri nambala yomaliza, imene imayerekeza chiopsezo choti khansa ibwerere. Kuyezaku n'kothandiza ndithu kwa mayi amene anabere ake alibe khansa, kapena amene anasiya kusamba. Koma kafukufuku wotchedwa RxPONDER, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatenga amayi oposa 5,000 a ER positive, HER2 negative, okhala ndi anabere 1 mpaka 3 okhudzidwa ndiponso nambala ya Oncotype yosaposa 25, n'kugawa ena ku mapiritsi okha, ena ku chemotherapy ndi mapiritsi. Kwa amene anasiya kusamba chemotherapy sinaonjeze phindu. Kwa amene anali asanasiye, amene anakhala opanda khansa yobwerera patatha zaka zisanu anali pafupifupi 94 pa 100 mwa olandira chemotherapy, poyerekeza ndi 89 pa 100 mwa omwa mapiritsi okha, ndipo phindulo linaoneka ngakhale nambala ya Oncotype inali yotsika. Achemwali anu ali ndi zaka 46, akusambabe, ndipo anabere 2 ali ndi khansa. Kaya zotsatira za ku Johannesburg zibwere zotsika kaya zokwera, malangizo adzakhala omwewo amene dokotala wapereka kale. Ndalamazo zikhoza kugwira ntchito yeniyeni pa mayendedwe opita kuchipatala, chakudya, ndi kugula mankhwala ngati tsiku lina atasowa.

Mukadzaonananso ndi dokotala, mufunse ngati akufunika radiotherapy, chithandizo chowotcha maselo a khansa ndi cheza, pachifuwa ndi kukhwapa, popeza pamene anabere akhudzidwa nkhani imeneyi imayenera kukambidwa ngakhale bere linachotsedwa lonse, ndiponso ngati padzafunika mankhwala ogonetsa thumba la mazira kuwonjezera pa tamoxifen.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndawawerengera achemwali zimene mwalemba ndipo mtima wawo watsikako pansi, makamaka pomva kuti singano sinawononge kanthu. Achimwene nawonso ndawatumizira. Komabe ndatsala ndi mafunso awiri. Ngati nambalayi ndi yosadalirika chotere ndipo sikusintha chithandizo, n'chifukwa chiyani malabu amaiyezabe ndi kutilipiritsa? Chachiwiri, achemwali akupempha kuti ayambe apuma miyezi itatu kapena inayi kuti thupi libwerere m'malo ndi kuti akolole kaye, asanayambe chemotherapy. Popeza chotupa chinachotsedwa kale, kodi kudikira koteroko kuli ndi vuto?

Namwino wa ku Wodi ya Amayi anayankha:

Achemwali anga Nachisale, funso lanu lachiwiri ndi limene landichititsa kulemba, chifukwa pa zonse zimene zakambidwa pano, ili ndilo lili m'manja mwa banja lanu. Chonde asadikire miyezi inayi. Chemotherapy ya pambuyo pa opaleshoni silimbana ndi chotupa chimene chinachotsedwa, imalimbana ndi timaselo timene tingakhale titachoka kale kudzera m'njira za anabere ndi m'magazi, timene palibe makina angatione. Timaselo timeneto sitipuma pamene munthu akupuma, ndipo ngati Ki-67 ikutiuzako kanthu pa nkhani ya achemwali anu, ndiye kuti ikutiuza kuti si taulesi. Kafukufuku wa ku California amene anafalitsidwa mu 2016, wa amayi pafupifupi 25,000, anapeza kuti amene anayamba chemotherapy patatha masiku oposa 90 chichitikireni opaleshoni anamwalira ambiri kuposa amene anayamba msanga. Bala likapola ndipo magazi akakhala bwino, madokotala amafuna kuyamba pasanathe milungu isanu ndi umodzi kapena pafupi pamenepo. Za kumunda banja ligawane, achemwali asasenze nkhawa imeneyo.

Ndikufuna kunenanso mosabisa kuti manambala onse amene adokotala atchula anachokera kwa amayi amene analandira chithandizo chonse pa nthawi yake. Kuno kwathu chimene chimatenga amayi ambiri si kusiyana kwa 18 ndi 32. Kafukufuku wotchedwa ABC-DO, amene anatsatira amayi oposa 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia ndipo anafalitsidwa mu 2020, anapeza kuti patatha zaka zitatu theka lokha la amayiwo ndi amene anali ndi moyo, ndipo zifukwa zazikulu zinali kufika kuchipatala khansa itapita patali ndi kusalandira chithandizo chokwanira. N'chifukwa chake bungwe la WHO, pa ndondomeko yake ya khansa ya m'mawere ya 2021, linaika zolinga zakuti amayi 60 pa 100 azipezeka khansa ili pa siteji 1 kapena 2, isanapite patali, kuyeza konse kuzitha m'masiku 60, ndipo 80 pa 100 azimaliza chithandizo chawo.

Ku wodi timaona amayi akulandira chemotherapy ulendo woyamba ndi wachiwiri, ndiye tsitsi likathothoka, zikhadabo zikada, mseru ukakula, achibale amayamba kunena kuti mankhwala akuwapha ndipo amawatengera kwina. Amadzabweranso patatha chaka msana ukuwawa, khansa itafalikira ku mafupa. Konzekerani zimenezi pasadakhale. Pemphani mankhwala oletsa kusanza ndipo amwedwe monga mwalamulidwa, osadikira kuti kusanza kuyambe. Mukhale ndi choyezera kutentha kwa thupi pakhomo, ndipo thupi likatentha kufika pa madigiri 38 m'masiku a pakati pa maulendo a chemotherapy, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku, mukanene kuti wodwalayo ali pa chemotherapy, chifukwa pa nthawi imeneyo maselo oteteza thupi amakhala atatsika kwambiri.

Wa ku Labu anayankhanso:

Ndikugwirizana ndi anamwino pa za kusachedwa. Pa funso lanu loyamba, Mayi Nachisale, sindikufuna kuti muchoke pano ndi maganizo akuti Ki-67 ndi yachabechabe, ndipo apa ndikusiyana pang'ono ndi kamvekedwe ka mayankho a anzangawa. Kwa achemwali anu sinasinthe chigamulo chifukwa anabere ndi msinkhu wawo zinagamula kale, koma labu imayeza isanadziwe zonsezo. Taganizirani mayi wa zaka 62 amene chotupa chake ndi cha masentimita 1.8, grade 2, ER positive, anabere onse ali bwino. Ki-67 yake ikakhala 4%, dokotala akhoza kumupatsa mapiritsi okha ndi mtima wokhazikika, ndipo ikakhala 45% ayenera kuganizira mozama za chemotherapy. Kumayiko olemera funso limeneli amaliyankha ndi kuyeza ma gene kumene mtengo wake umafika madola masauzande angapo, pomwe Ki-67 imafuna kagawo kamodzi ka kanyama komweko, mankhwala ochepa ndi maso a dokotala. Kwa ife amene kuyeza ma gene sitingakufikire, nzeru ndi kukonza kasungidwe ndi kawerengedwe kathu kuti nambalayi ikhale yokhulupirika, osati kuitaya.

Pali njira ina yoigwiritsira ntchito imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru koposa, yoyeza kawiri mwadala. Ku Britain kafukufuku wotchedwa POETIC anatenga amayi 4,480 amene anasiya kusamba, ndipo ambiri mwa iwo anapatsidwa mapiritsi otsitsa homoni ya estrogen kwa milungu iwiri opaleshoni isanachitike, n'kuyerekeza Ki-67 ya poyamba ndi ya pambuyo pa mapiritsiwo, malire ake ali 10%. Pa zotsatira za 2020, mwa amayi a HER2 negative, khansa inabwerera m'zaka zisanu kwa pafupifupi 4 pa 100 mwa amene nambala yawo inali yotsika kuyambira pachiyambi, kwa 8 pa 100 mwa amene inali yokwera n'kutsika ndi mapiritsi, ndi kwa oposa 21 pa 100 mwa amene inakhalabe yokwera. Apa nambalayo ikuonetsa ngati chotupa chikumvera mankhwala. Izi n'zosiyana ndi za achemwali anu, amene sanamwe mankhwala alionse pakati pa kuyeza kuwiriko.

Malire ake akuonekanso bwino pa mbiri ya mankhwala a khansa ya m'mawere otchedwa abemaciclib. Mu October 2021 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linawavomereza kwa amayi a chiopsezo chachikulu pokhapokha Ki-67 yawo ikhale 20% kapena kuposa, koma mu March 2023 linachotsa lamulolo, chifukwa zinaoneka kuti ngakhale a Ki-67 yokwera khansa inkawabwerera kawirikawiri, mankhwalawo ankathandiza magulu onse awiri mofanana.

Chinanso chimene Ki-67 siinena bwino ndi za zaka zakutsogolo kwambiri. Khansa ya ER positive imatha kugona n'kudzadzuka patatha zaka 10 kapena 15, ndipo kafukufuku wa 2017 wa amayi oposa 60,000 amene anamaliza zaka zisanu za mapiritsi anasonyeza kuti chimene chinkalosera bwino kubwerera kochedwa kotere chinali kukula kwa chotupa choyamba ndi chiwerengero cha anabere okhudzidwa, pamene grade ndi Ki-67 zinkangoonjezerapo pang'ono. Ichi ndicho chifukwa chake madokotala amakambirana zopitiriza tamoxifen mpaka zaka 10 kwa amayi amene anabere awo anakhudzidwa. Mapepala onse awiri muwasunge bwino pamodzi ndi makope ake, ndipo mulembe pambali nambala ya labu imene ili pamwamba pa pepala lililonse. Kachibuma ka phula kaja kamasungidwa kwa zaka zambiri, ndipo dokotala wina akadzafuna kuchekaponso kagawo kuti abwereze ER, HER2 kapena Ki-67, nambala imeneyo ndi imene adzakafufuzire m'kabati.